Ndege Inalipo, Wogula Ndiye Ankasowa

M'chaka cha 1923, mnyamata wamtali wa zaka 21 anafika pabwalo la ndege la Souther Field, pafupi ndi tawuni ya Americus m'chigawo cha Georgia ku America. Anabwera kudzagula ndege. Pabwalopo panali ndege zimene asilikali anasiya nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha, ndipo iye analoza imodzi ya mtundu wa Curtiss JN-4, imene aliyense ankangoitchula kuti Jenny. Anapereka madola 500, ndege n'kukhala yake. Palibe anamufunsa chiphaso, pakuti boma la dzikolo linali lisanakhazikitse lamulo loti woyendetsa ndege azikhala nacho. Koma mnyamatayo anali asanaulutsepo ndege ali yekha ngakhale kamodzi. Atayesa kunyamuka, ndegeyo inangodzuka pang'ono, n'kupendekeka, n'kubwerera pansi mochita kudumphadumpha. Woyendetsa ndege wina amene ankaonerera anamumvera chisoni, anakwera naye n'kumuonetsa kanyamukidwe ndi kateredwe kangapo, ndipo pambuyo pake mnyamatayo anauluka yekha. Dzina lake linali Charles Lindbergh, yemwe patangopita zaka zinayi anadzauluka yekha kuchoka ku New York mpaka ku Paris osatera paliponse.

Nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa imaonetsa vuto lenileni la malonda a ndege pachiyambi. Kupanga ndege kunali kovuta, inde, koma kupeza woigula kunali kovuta koposa. Wogulitsa njinga amapeza munthu wodziwa kale kupalasa, msewu ulipo kale, wokonza ali pansi pa mtengo pamsika. Wogulitsa ndege ankapeza munthu wamantha, wosadziwa kuiyendetsa, wopanda poiteretsa, wopanda woikonza. Ankayenera kuyamba wamuumba kaye kasitomala wake asanamugulitse kanthu.

Wilbur ndi Orville Wright, pachibale pawo, anali okonza ndi kugulitsa njinga ku Dayton, Ohio. Pa 17 Disembala 1903, ku Kitty Hawk, ndege yawo inakhala m'malere masekondi 12 paulendo woyamba. Munthu angaganize kuti m'mawa mwake ogula anafola pakhomo. Sizinatero. Mu 1905 analembera asilikali a dziko lawo kuwatsatsa ndegeyo, koma anakanidwa. Mpaka mu 1909 m'pamene asilikaliwo anagula imodzi pa madola 30,000. Kwa munthu wamba, ndege yawo ya Model B ya mu 1910 inali pa madola 5,000, pomwe galimoto ya Ford Model T inali yosafika madola 1,000. Ogula anali ochepa kwambiri moti ndalama zenizeni zinkachokera ku zionetsero: anthu ankalipira pageti kuti aone ndi maso awo kuti chinthu cholemera chingauluke. Mphamvu zambiri za abale awiriwa zinathera m'makhoti, kulimbana ndi Glenn Curtiss, wopanga ndege mnzawo, ndi ena pa nkhani ya umwini wa luso lowongolera ndege. Wilbur anamwalira mu 1912, Orville anagulitsa kampaniyo mu 1915, ndipo mkanganowo unatha mu 1917 boma litakakamiza makampani onse kuti agawane lusolo chifukwa cha nkhondo.

Kunyamula anthu olipira kunayamba mwapang'ono chomwechonso. Pa 1 Januwale 1914, Tony Jannus ananyamuka ku St. Petersburg kupita ku Tampa, m'chigawo cha Florida, pa ndege yotera pamadzi ya Benoist yokhala ndi malo a wokwera mmodzi yekha. Mpando woyambawo anautsatsa pa okishoni, ndipo Abram Pheil, amene anakhalapo meya wa mzindawo, anaugula pa madola 400. Ulendowo unatenga mphindi 23. Masiku otsatira tikiti inali madola 5. Ntchitoyi inayenda pafupifupi miyezi inayi, mothandizidwa ndi ndalama za akuluakulu a mzindawo, kenako alendo obwera kudzathawa chisanu atabwerera kwawo, inatha. Ku Ulaya, ulendo wa tsiku ndi tsiku pakati pa London ndi Paris unayamba pa 25 Ogasiti 1919, ndipo KLM ya ku Netherlands inakhazikitsidwa chaka chomwecho. Makampani a ku Britain amene anayesa kuima paokha anagwa msanga, chifukwa anzawo a ku France ankalandira sabuside wa boma. Mu 1924 boma la Britain linaphatikiza otsalawo kukhala Imperial Airways, nalonso likuikamo ndalama.

Tibwerere kwa Jenny uja, chifukwa ndi amene anasintha zinthu kumidzi ya ku America. Pa nthawi ya nkhondo anapanga ndege zimenezi zoposa 6,000 zophunzitsira asilikali. Nkhondo itatha mu 1918, zinangokhala mulu, zina zisanatulutsidwe n'komwe m'mabokosi. Boma linayamba kuzigulitsa ngati kaunjika, zina pa madola mazana ochepa chabe. Inali ndege ya matabwa okutidwa ndi nsalu, ya mapiko awiri osanjikizana omangidwa ndi mawaya, ya injini ya OX-5 imene inkakonda kuzima popanda kutsanzika. Anyamata amene anaphunzira kuuluka kunkhondo, atasowa ntchito, anazigula n'kuyamba kuyendayenda.

Kachitidwe kake kanali aka. Woyendetsa ankafika pamwamba pa katawuni, n'kuzungulira motsika kwambiri mpaka agalu auwe, ana atuluke m'kalasi, ogulitsa asiye masitolo. Kenako ankatera m'munda wa mlimi wina kunja kwa tawuniyo, n'kugwirizana naye kuti agwiritse ntchito mundawo posinthana ndi kumukweza ulere. Anthu akasonkhana, ankawakweza mmodzimmodzi kwa mphindi zochepa pa madola angapo. Ena ankayenda pamwamba pa phiko ndege ili m'malere, ena ankadumpha ndi parachuti. Usiku woyendetsayo ankagona pansi pa phiko la ndege yake, poopanso ng'ombe, zimene zinkakonda kunyambita ndi kutafuna nsalu ya mapiko chifukwa cha mankhwala olimbitsira amene ankapakapo. Anthu miyandamiyanda anaona ndege koyamba m'njira imeneyi.

Koma kwa wopanga ndege zatsopano, Jenny anali minga. Ndani akanagula ndege yatsopano ya madola zikwi zingapo pamene kaunjika ali pa 500? Kampani ya Curtiss inachita kugulanso ndege zake zambiri kuboma pofuna kuteteza msika. Ndipo panali vuto lina lobisika. Zionetsero zija zinkakopa anthu chifukwa cha kuopsa kwake. Wopita kukaonerera ankabwerako akuti oyendetsa ndege ndi anthu olimba mtima modabwitsa, osati akuti mawa nanenso ndikwera popita kukaona amayi. Choncho anthu omwewo amene anafikitsa ndege kwa anthu wamba anadzalanso m'mitima mwawo maganizo oti ndege ndi ya osaopa imfa. Ogulitsa anadzatha zaka makumi awiri akuzula maganizo amenewo.

Chimene chinapereka msana ku makampani a ndege ku America si anthu okwera, koma makalata. Positi ofesi inayamba kutumiza makalata pandege pa 15 Meyi 1918 pakati pa Washington, Philadelphia ndi New York, ndipo m'zaka zotsatira inaika nyali zazikulu m'njira kuti ndege ziziyenda ndi usiku. Oyendetsa ambiri anafera pantchitoyi. Mu 1925 lamulo lotchedwa Kelly Act linalola kuti makampani omwe si aboma azipatsidwa kontirakiti yonyamula makalata, ndipo posakhalitsa anayamba kulipidwa potengera kulemera kwa matumba. Apa masamu anali osavuta: thumba la makalata linkabweretsa ndalama zambiri kuposa munthu wolemera chimodzimodzi, komanso thumba silidandaula, silisanza, silifuna mpando. Okwera oyamba a Western Air Express mu 1926, pakati pa Salt Lake City ndi Los Angeles, anakhala pamodzi ndi matumba a makalata. Lindbergh yemwe uja ankanyamula makalata pakati pa St. Louis ndi Chicago chaka chimenecho, ndipo kawiri konse anachita kudumpha ndi parachuti, kuisiya ndege ikugwa. Mu 1930 malipiro anasinthidwa kuti azitengera kukula kwa malo m'ndege, n'cholinga choti makampani agule ndege zazikulu n'kudzaza malo otsalawo ndi anthu. Ndege yoyamba imene akuluakulu a makampani anavomereza kuti ikhoza kupanga phindu ndi anthu okha inali Douglas DC-3, ya mipando 21, imene inayamba ntchito mu 1936. Kuchokera pa ulendo wa Tony Jannus, panali patapita zaka 22.

Lamulo lina la mu 1926, Air Commerce Act, linabweretsa ziphaso za oyendetsa, za amakaniko ndi za ndege zomwe. Ambiri mwa oyendayenda aja anadana nalo, chifukwa ma Jenny awo otopa sakanapambana mayeso. Ine ndimaona kuti lamuloli ndi limene linatsegula msika weniweni. Banki singabwereketse ndalama pa katundu amene palibe wamuyeza, ndipo a inshuwalansi sangalandire munthu amene luso lake palibe akulidziwa. Pepala la boma ndi limene linachititsa kuti ndege ikhale katundu wogulika pangongole.

Pamene kaunjika ankatha, opanga ndege zatsopano anayamba kupuma. Ambiri anasonkhana ku Wichita, m'chigawo cha Kansas, dera lachidikha kumene kunali ndalama za mafuta okumba pansi. Mu 1925 amuna atatu, Clyde Cessna, Walter Beech ndi Lloyd Stearman, anayambitsa kampani ya Travel Air. Cessna anali mlimi amene ankagulitsanso magalimoto, ndipo mu 1911 anadzipangira ndege n'kudziphunzitsa yekha kuiyendetsa, akugwa nayo mobwerezabwereza. Atatuwa sanakhalitse limodzi. Stearman anachoka kukayamba yake. Cessna ankakhulupirira kuti tsogolo lili pa ndege ya mapiko osasanjikiza, ndipo mu 1927 nayenso anachoka. Chaka chomwecho, pa 20 ndi 21 Meyi, Lindbergh anawoloka nyanja ya Atlantic m'maola 33 ndi theka, dziko lonse n'kutekeseka. Ofuna kuphunzira kuuluka anachuluka, anthu anathamangira kugula masheya a kampani iliyonse yokhala ndi dzina lonunkhira ndege, mafakitale anamera ngati bowa. Ngakhale Henry Ford anali atalowamo kale: anapanga ndege ya injini zitatu yonyamula anthu, n'kuyesanso kandege ka munthu mmodzi kotchedwa Flivver, kamene ankafuna kuti kakhale ka aliyense ngati galimoto yake. Koma mu 1928 woyendetsa wake Harry Brooks atagwa nako m'nyanja kufupi ndi Florida n'kumwalira, Ford anakasiya.

Kenako msika wa masheya unagwa mu Okutobala 1929. Ndege ndi chinthu choyamba chimene munthu amasiya kugula ndalama zikavuta. Fakitale ya Cessna inatseka zitseko, ndipo inadzatsegulidwanso mu 1934 ndi Dwane ndi Dwight Wallace, ana a mchemwali wake. Dwane ankapita kumipikisano ya ndege kuti mphoto zake zithandize kulipira antchito. Walter Beech ndi mkazi wake Olive Ann anasankha njira ina: mu 1932, pakati pa mavutowo, anayamba kupanga ndege yodula, yaliwiro, ya mipando yabwino, kuwerengera anthu ochepa amene ndalama zinawatsalira, monga eni zitsime za mafuta.

Munthu amene anamvetsa bwino vuto la wogula, mwa kuona kwanga, sanali katswiri wa ndege n'komwe. William T. Piper anali wabizinesi ya mafuta ku Bradford, Pennsylvania, amene anaika ndalama pang'ono mu kampani yopanga ndege ya C. G. Taylor. Kampaniyo itagwa, Piper anagula zotsala zake pa madola 761. Iye anaumirira chinthu chimodzi: apange ndege yotsika mtengo, yosavuta, yokhululukira wophunzira akalakwitsa. Inatuluka ndi Cub. Piper mwini wake anaphunzira kuuluka ali ndi zaka pafupifupi 50, ndipo zimenezo zokha zinali chitsatso, pakuti ngati bambo wa imvi wakwanitsa, wachinyamata angalephere bwanji? Fakitale ya ku Bradford itapsa mu 1937, anasamukira ku Lock Haven, m'nyumba imene kale inali fakitale ya nsalu za silika, ndipo kumeneko kunabadwira J-3 Cub yachikasu, ya mtengo wa pafupifupi madola 1,000.

Ndi bwino kuiyang'ana pafupi ndege imeneyi. Thupi lake ndi mapaipi achitsulo owotcherera, okutidwa ndi nsalu. Mipando ndi iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo ukakhala wekha umakhala wakumbuyo kuti ndege isalemere kumphuno. Poliza injini palibe kiyi: munthu amaima panja n'kupukusa pulopela ndi manja. Thanki ya mafuta ili patsogolo pa galasi, ndipo chodziwira mafuta ndi kawaya kotulukira pachivundikiro, komangidwa ku kanthu koyandama m'kati. Kawayako kakamatsika, ndiye kuti mafuta akutha. Chitseko chimatseguka pakati, theka m'mwamba theka pansi, moti kukatentha ukhoza kuuluka chili chotsegula, fungo la udzu wometa likukupeza. Imayenda pafupifupi makilomita 120 pa ola, ndipo kukakhala mphepo yamphamvu yochokera kutsogolo, magalimoto a pamsewu amakupitirira. Chilichonse chimene chikanakweza mtengo anachichotsa.

Piper ankadziwa kuti kasitomala wake wamkulu si munthu wogula ndege yoti aziyendera, koma uja wa kabwalo kakang'ono kunja kwa tawuni, amene amaphunzitsa anthu kuuluka, kubwereketsa ndege pa ola, kugulitsa mafuta ndi kukonza zowonongeka. Munthu ameneyu ndi amene ankakhalanso ejenti. Ndege yotsika mtengo inkatsitsa mtengo wa phunziro, phunziro lotsika mtengo linkabweretsa ophunzira, ndipo mwa ophunzira ambiriwo mmodzi ankadzagula ndege, kawirikawiri ya mtundu womwewo umene anaphunzirirapo, chifukwa manja anali atauzolowera. Kugulitsa ndege kunkayambira pa kukweza munthu kwa mphindi zochepa n'kumuuza kuti, gwirani ndodoyi, mukuyendetsa ndinu.

A ku Britain anafika pa nzeru yomweyi podzera njira ina. Geoffrey de Havilland anaulutsa Moth yake koyamba mu Febuluwale 1925, ndege ya anthu awiri imene mapiko ake ankapindika kuti ilowe m'shedi yaing'ono kapena ikokedwe ndi galimoto. Chaka chomwecho boma linayamba kuthandiza makalabu ophunzitsa kuuluka, ndipo makalabuwo anagula ma Moth. Mu 1930 Amy Johnson anauluka yekha pa Gipsy Moth kuchoka ku England mpaka ku Australia. Tindege ta de Havilland timeneti ndi timene tinayambitsa maulendo apandege kuno kwathu. Ku Kenya, Florence Wilson anayamba Wilson Airways mu 1929 ndi Gipsy Moth imodzi, ndipo bwalo la Wilson ku Nairobi limatchedwabe dzina lake. Imperial Airways itatsegula njira ya London mpaka Cape Town mu 1932, inkadzera ku Mpika ndi Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, koma Nyasaland inali pambali pa njirayo. Tindege tating'ono ndi timene tinkalumikiza Blantyre ndi Salisbury, komwe lero ndi Harare, ndipo pambuyo pake ntchitoyi inalowa m'manja mwa Rhodesia and Nyasaland Airways. Okweramo anali atsamunda, eni minda ndi makalata awo. Kuno ndege yaing'ono inali ndi ntchito yooneka, chifukwa misewu inkaduka nthawi ya dzinja.

Ku America maloto a ndege pakhomo lililonse sanafe. Mu 1933 Eugene Vidal, mkulu woona za ndege m'boma, analengeza ganizo la ndege ya madola 700. Opanga ndege anakwiya, chifukwa anthu amene akanagula zomwe zinalipo anayamba kudikira yotchipayo, ndipo sinabwere. Chimene chinabwera ndi nkhondo. Kuyambira mu 1939 boma linalipira maphunziro a kuuluka kwa ophunzira a m'makoleji, ndipo pofika 1944 anthu oposa 400,000 anali atadutsamo, ambiri a iwo pa Cub. Boma linachita m'zaka zisanu zimene ogulitsa analephera m'zaka makumi awiri.

Ndiye nkhondo itatha mu 1945, aliyense anawerengera chimodzimodzi: asilikali masauzande odziwa kuuluka akubwerera kwawo, ndipo aliyense adzafuna ndege yake. Ndege ya Ercoupe, imene Fred Weick anaipanga kuti iziwongoleredwa ndi chiwongolero ngati galimoto, popanda zopondera za kumapazi, inaikidwa m'kati mwa sitolo ya Macy's ku New York, momwe anthu ankagulamo zovala ndi mipando. Mu 1946 mafakitale a ku America anatulutsa ndege zing'onozing'ono zoposa 30,000. Chaka chotsatira chiwerengerocho chinatsika ndi theka, ndipo mu 1948 chinatsikanso ndi theka. Ndege zatsopano zinangoima m'mizere pa udzu, zomangidwa ndi zingwe, zikudikira ogula. Makampani ambiri anatseka, ndipo Piper yemwe anapulumukira mkamwa mwa mbuzi.

Chinalakwika n'chiyani? Msilikali wobwerera kwawo ankafuna kukwatira, kupeza nyumba, kugula galimoto, kulowa sukulu. Ena amene anaona anzawo akupsa m'malere sanafunenso kuyandikira ndege. Kaunjika wa nkhondo anabweranso kudzapikisana ndi zatsopano, ngati mu 1919 muja. Ndipo amene anagula anazindikira kuti walira mvula walira matope. Mtengo wogulira unali chiyambi chabe: panali lendi ya shedi, inshuwalansi, kuyezetsa kwa makaniko wachiphaso chaka ndi chaka, nsalu yofuna kusinthidwa ikatopa ndi dzuwa, injini yofuna kuphwasulidwa ikakwanitsa maola ake. Ndalama zambiri mwa zimenezi zimatuluka kaya ndege yauluka kaya yangokhala. Munthu wouluka maola ochepa pachaka ankapeza kuti ola lililonse likumudyera zambiri kuposa kungobwereka. Kuwonjezera apo, ndege yopanda zipangizo zoyendera m'mitambo imamvera nyengo. Ukhoza kupita Loweruka kuli ngwee, Lamlungu chifunga n'kutseka, Lolemba abwana akukudikira kuntchito. Ukateranso, bwalo lili kutali ndi tawuni, ndipo galimoto yako waisiya kwanu.

Otsalawo anasiya kutsatsa ndege ngati chidole cha banja, anayamba kuitsatsa ngati chipangizo cha ntchito: kwa wabizinesi wa masitolo m'matawuni angapo, dokotala, mwini ng'ombe zambiri, wopopera mankhwala m'minda, woyendera mapaipi a mafuta, amishoni ofika kumene msewu sufika. Beech anatulutsa Bonanza yachitsulo chokhachokha mu 1947, ya anthu anayi, yaliwiro loti ulendo wautali ukhale ndi phindu. Cessna anatenga ndege yake ya 170, imene inali ndi kagudumu kumchira, n'kusamutsira gudumulo kumphuno, chifukwa kutera ndi kumene ophunzira ambiri ankaopa ndi kuwonongera ndege. Otsatsa anatcha miyendo imeneyi Land-O-Matic, pofuna kunena kuti ndegeyo imangotera yokha. Imeneyo inali Cessna 172 ya mu 1956. Zapangidwa zoposa 44,000, kuposa ndege ya mtundu wina uliwonse, ikupangidwabe ku Kansas, ndipo zambiri mwa zatsopanozo zimagulidwa ndi masukulu ophunzitsa kuuluka.